Chakudya chikamakakamira pomeza: kufufuza gwero la vutoli mwa anthu akuluakulu

Vuto la kumeza likayamba mwa munthu wamkulu silifika msanga kuchipatala, chifukwa pakhomo limapezeredwa njira. Nyama ikayamba kukakamira, wodwala amaisiya n'kumadya ndiwo zofewa. Mbamu ya nsima ikayamba kuvuta, amaichepetsa n'kumaitsikitsa ndi madzi. Nsimayo ikakanika amamuphikira phala, ndipo phala likakanika amatsalira pa thobwa ndi tiyi. Nthawi yonseyi banja limaona ngati zinthu zilikobe bwino poti munthu akudya, pamene chimene chasintha ndi chakudya chokha, matendawo akunka nakula. Wodwala wotereyu akafunsidwa ngati akutha kumeza amayankha kuti inde, ndipo sakunama. Funso limene limaulula zoona ndi lakuti: kodi miyezi itatu yapitayo munkadya chiyani chimene lero simungathe kudya?

Kuvutika kumeza ndi chizindikiro cha matenda ambiri osiyana, ena ochizika ndi mapiritsi a masabata awiri, ena oopsa ndithu. Kuwasiyanitsa kumayambira pa mafunso ochepa amene mayankho ake ali ndi wodwala ndi womudwazika, ndipo makina a kuchipatala amabwera pambuyo kudzatsimikiza chimene mafunsowo aloza.

Kodi dandaulo lenileni ndi liti?

Anthu atatu akhoza kunena kuti pakhosi pakuwavuta koma akudwala zosiyana. Woyamba chakudya chimamukakamira panjira kapena kumutsamwitsa. Wachiwiri chakudya chimadutsa, koma chimapweteka podutsapo. Wachitatu amamva ngati pakhosi pakhala kanthu nthawi zonse, makamaka pomeza malovu, koma akayamba kudya chakudya chimatsika bwinobwino ndipo kumvako kumacheperako. Wachitatuyu nthawi zambiri alibe chotupa. Vuto lake limayendera limodzi ndi chilungulira kapena nkhawa. Komabe mfundo imeneyi imagwira ntchito pokhapokha ngati sakuonda, mawu ake sanasinthe ndipo palibe chakudya chimene wasiya chifukwa chokanika kuchimeza.

Vuto lili poyambira kumeza kapena chakudya chitatsika kale?

Kumeza kuli ndi magawo awiri. Gawo loyamba limachitika m'kamwa ndi pakhosi, pamene lilime limakankha chakudya, njira ya kumphuno n'kutsekeka, kholingo n'kukwera kuti njira ya mpweya itsekeke, zonsezi m'kanthawi kochepa kwambiri motsogoleredwa ndi ubongo. Gawo lachiwiri limachitika mu mmero, njira ya minofu yotalika pafupifupi masentimita 25 imene imadutsa m'chifuwa kumbuyo kwa mtima, ndipo kumunsi kwake kuli mnofu wozungulira umene umatseguka kuti chakudya chilowe m'chifu.

Vuto likakhala m'gawo loyamba, limaonekera nthawi yomweyo munthu akangoyamba kumeza. Amatsokomola, madzi amabwerera m'mphuno, malovu amadontha, chakudya chimatsalira m'masaya, ndipo akameza mawu ake amamveka ngati m'khosi mwatsala madzi. Kawirikawiri madzi ndi amene amavuta kuposa phala, chifukwa amathamanga minofu isanatseke njira ya mpweya. Chimene chimayambitsa zimenezi kwambiri ndi sitiroko, ndipo aliyense amene ali ndi BP yokwera kapena shuga, amene pakamwa panapindika kapena mbali imodzi ya thupi inafooka ngakhale kwa masiku ochepa, ayenera kuganiziridwa za matendawa poyamba. Matenda a Parkinson, amene amanjenjemeretsa manja ndi kuchedwetsa mayendedwe, amachitanso chimodzimodzi mwapang'onopang'ono. Palinso matenda otchedwa myasthenia gravis, amene chizindikiro chake n'chakuti munthu amayamba kudya bwino koma nsagwada ndi khosi zimatopa chakudya chisanathe, ndipo zikope zimagwa dzuwa likapendeka. Odwala ena a m'gulu limeneli satsokomola n'komwe chakudya chikalowa njira ya mpweya, kotero chibayo chobwerezabwereza mwa munthu wachikulire chikhoza kukhala chizindikiro chokha chooneka.

Si onse a m'gawo loyambali amene vuto lawo ndi la mitsempha. Mawu osasa kupitirira masabata 3, kupweteka kwa khutu limodzi pomeza, chilonda cha pa lilime chosapola kapena chotupa cholimba m'khosi zimafuna dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi kuti aunike kholingo ndi kumbuyo kwa lilime. Chithokomiro chotupa kwambiri chimathanso kupanikiza njira ya chakudya. Mwa okalamba ena kumtunda kwa mmero kumapangika kathumba kamene kamasunga chakudya, ndipo munthu amabweza zimene anadya maola angapo apitawo zisanagayike, m'kamwa n'kumanunkha. Zinthu zing'onozing'ono nazo zisaiwalidwe: mano otha, ndi kuuma m'kamwa kobwera ndi mankhwala monga amitriptyline.

Vuto likakhala mu mmero, kumeza kumayamba bwino, kenako patapita kamphindi chakudya chimaima penapake m'chifuwa. Pano pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Wodwala akaloza pachifuwa, vuto limakhala pamenepo kapena pafupi, koma akaloza pakhosi, chotchinga chikhoza kukhala kumunsi kwenikweni kwa mmero. Choncho kuyang'ana pakhosi ndi tochi n'kupeza kuti palibe kanthu sikutanthauza kuti kufufuza kwatha.

Zolimba zokha, ndipo vuto likunka likula

Ili ndi gawo limene ndikufuna kuti wowerenga aliyense alisunge. Vuto likayambira pa nyama, chimanga chokazinga ndi nsima, madzi akudutsabe, ndiye kuti njira yachepa. Likamakula mwezi ndi mwezi kuchoka pa zolimba kupita pa phala mpaka pa madzi, munthu n'kumaonda, chinthu choyamba kuchiganizira ndi khansa ya kummero, ndipo ganizo limeneli lisachotsedwe kufikira mmerowo utaunikidwa.

Kwa ife nkhaniyi si ya m'mabuku chabe. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa imeneyi imapezeka kwambiri padziko lonse, pamodzi ndi madera ena a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa kuyambira ku Ethiopia ndi Kenya mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Mtundu umene umapezeka kuno ndi wa khungu la mkati mwa mmero, wotchedwa squamous cell carcinoma, wosiyana ndi umene wafala ku Britain ndi ku America, umene umayambira kumunsi kwa mmero chifukwa cha asidi wa m'chifu. Kunonso imagwira anthu a zaka zochepa kuposa mmene zimakhalira ku Ulaya, kotero mawu akuti wodwalayo ndi wamng'ono sangakhale chifukwa chochedwera. Fodya, kaya wosuta kapena wofwenkha, ndi mowa waukali monga kachasu zimawonjezera chiopsezo. M'chaka cha 2016 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, IARC, inaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa imeneyi, ndipo ofufuza akuunikanso utsi wa nkhuni m'makhitchini otsekeka ndi kuwonongeka kwa mano. Komabe odwala ambiri m'dera lathu, makamaka amayi, sanasutepo fodya kapena kumwa mowa, ndipo kusakhalapo kwa zizolowezi zimenezi sikuyenera kutonthoza aliyense.

Chimene chimachititsa kuti matendawa apezeke mochedwa ndi mapangidwe a mmero weniweniwo. Mmero umatanuka, ndipo chotupa chimakula kwa nthawi popanda chizindikiro chilichonse. Chakudya cholimba chimayamba kukakamira pamene mpata watsala pafupifupi mamilimita 13 kapena kucheperapo, kutanthauza kuti tsiku loyamba limene nsima yaima pachifuwa, matendawo ayenda kale mtunda. Zizindikiro zina zimasonyeza kuti apita patsogolo: mawu kusasa chifukwa mtsempha wa kholingo wakhudzidwa, mwanabere wolimba pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi, kupweteka kwa pachifuwa kopyoza kumsana, ndi kutsokomola koopsa nthawi iliyonse munthu akamwa madzi, kumene kungatanthauze kuti pabooka pakati pa mmero ndi njira ya mpweya.

Ndikuona kuti cholakwika chachikulu pa vuto limeneli ndi kupereka mankhwala a zilonda za m'mimba monga omeprazole mwezi ndi mwezi kwa munthu amene chakudya chikumukakamira. Mankhwalawa amachepetsa chilungulira ndi ululu, wodwala n'kumva bwinoko, koma chotupa sachikhudza. Ku England, malangizo a chaka cha 2015 a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala m'dzikomo, ananena kuti munthu wovutika kumeza aunikidwe mmero mkati mwa masabata 2, posatengera zaka zake. Ngati dziko limene mtundu uwu wa khansa si wofala ngati kwathu linaika lamulo lotere, ife tili ndi chifukwa chokulirapo chopempha kalata yotumizidwa ku chipatala chachikulu ulendo woyamba womwewo.

Zina zimene zimachepetsa njira

Sikuti kuchepa kulikonse kwa mmero ndi khansa. Munthu amene wakhala ndi chilungulira kwa zaka zambiri akhoza kukhala ndi chipsera kumunsi kwa mmero chifukwa cha asidi. Vuto lake limakula pang'onopang'ono kwambiri ndipo saonda msanga. Amene anamwapo soda wopangira sopo kapena asidi wa m'batire, mwangozi kapena mwadala, amakhala ndi zipsera zimene zimayamba kutseka njira patapita masabata angapo, ndipo nkhaniyi ayenera kuifotokoza ngakhale itakhala yakale kapena yochititsa manyazi, chifukwa zipserazo zimawonjezeranso chiopsezo cha khansa patapita zaka.

Vuto likakhala lobwera n'kupita, lero nyama yakakamira koma kwa miyezi iwiri palibe chovuta, ndipo lakhala choncho kwa zaka popanda kuonda, ganizo limapita pa kamkombero kopyapyala ka kumunsi kwa mmero, kapena pa matenda otupitsa mmero otchedwa eosinophilic oesophagitis, amene amakonda amuna achinyamata amene ali ndi mphumu kapena ziwengo. Mwa amayi amene akhala ochepa magazi kwa nthawi yaitali chifukwa chosowa ayironi, kumtunda kwa mmero kumatha kumera kakhungu kotchinga, ndipo m'mbali mwa milomo mumang'ambika, zikhadabo n'kulowa mkati. Chotchinga chimathanso kuchokera kunja kwa mmero, monga anabere a m'chifuwa otupa ndi TB, chotupa cha m'mapapo, kapena mtima wokula chifukwa cha mavavu owonongeka.

Zolimba ndi zamadzi kuvuta pamodzi kuyambira pachiyambi

Madzi ndi nsima zikamavuta mofanana kuchokera tsiku loyamba, nthawi zambiri njira sinatsekeke koma minofu ya mmero ndi imene sikugwira ntchito. Matenda odziwika kwambiri apa ndi achalasia, pamene mnofu wa kumunsi ukana kutseguka, chakudya n'kumaunjikana pamwamba pake. Odwala ake amakhala nalo vutoli kwa zaka, amadya pang'onopang'ono ataimirira kapena atawongola chifuwa, amamwa madzi ambiri kuti chakudya chitsike, ndipo usiku amabweza chakudya chosawawasa n'kumatsokomola ali m'tulo. Chenjezo ndi lakuti munthu wachikulire amene zizindikiro zimenezi zamuyamba posachedwa ndipo akuonda mofulumira akhoza kukhala ndi khansa ya pamene mmero umalumikizana ndi chifu, imene imatsanzira achalasia. Matenda a scleroderma, amene amalimbitsa khungu la zala ndi kumaso, nawo amafooketsa mmero ndi kubweretsa chilungulira choopsa.

Kupweteka pomeza

Ululu ukaposa kukakamira, ganizo limapita pa zilonda kapena tizilombo. M'dera lathu chinthu choyamba ndi mafangasi a candida mwa munthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo n'chifukwa chake aliyense wovutika kumeza ayenera kuyezetsa HIV, ngakhale anayezetsapo kale. Mafangasi a kummero amaoneka kwambiri CD4, chiwerengero cha maselo oteteza thupi m'magazi, ikatsika pansi pa 200, ndipo mwa munthu amene ali kale pa ma ARV amadzutsa funso lakuti kodi mankhwalawo akumwedwa bwino ndipo akugwirabe ntchito. Zoyera za pa lilime ndi m'masaya zimathandiza kuloza matendawa, koma zikhoza kusakhalapo. Shuga wosalamulirika ndi mankhwala a prednisolone zimabweretsanso vuto lomweli.

Chithandizo chake ndi fluconazole kwa masiku 14 mpaka 21, ndipo wodwala amayenera kuona kusintha mkati mwa sabata yoyamba. Sabata ikatha popanda kusintha, kubwereza mankhwala omwewo n'kutaya nthawi. Pakhoza kukhala zilonda za mavairasi a herpes kapena CMV, khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, kapena khansa ya kummero imene mafangasiwo angomera pamwamba pake, pakuti chakudya chikamachedwa mu mmero wotsekeka mafangasi amapezapo malo. Munthu amene ali ndi HIV akhoza kukhalanso ndi khansa ya kummero, ndipo kupezeka kwa matenda amodzi kusaphimbe enawo.

Mapiritsi nawo amawotcha mmero akamezedwa opanda madzi okwanira kapena munthu akagona atangowamwa. Doxycycline, mapiritsi owonjezera magazi a ferrous sulphate, ndi opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac ndi amene amadziwika ndi zimenezi. Ululu wake umayamba mwadzidzidzi kumbuyo kwa fupa la pachifuwa ndipo umatha pakapita masiku mankhwalawo akasiyidwa kapena akamamwedwa ndi kapu yodzadza ya madzi munthu ali chikhalire.

Zimene zimachitika kuchipatala

Wodwala apite ndi kabuku kake ka kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo azitsamba, ndi munthu amene amamuphikira, chifukwa iyeyo ndi amene amadziwa mwezi umene nsima inasiyidwa. Kulemera kwa thupi kulembedwe ulendo uliwonse. Sikelo imasonyeza zimene maso a anthu okhala naye tsiku ndi tsiku saona. Dokotala amayang'ana m'kamwa, amapapasa khosi kufunafuna anabere ndi chithokomiro, amayesa mphamvu ya nkhope, lilime ndi miyendo, ndipo nthawi zina amapatsa wodwala madzi pang'ono kuti aone mmene akumezera. Magazi amayezedwa kuchuluka kwake, HIV ndi shuga, ndipo X-ray ya pachifuwa imaonetsa TB, chibayo kapena chotupa.

Kuyeza kumene kumapereka yankho pa vuto la mu mmero ndi endoscopy, kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa mpaka m'chifu. Wodwala sadya kwa maola 6 mpaka 8, pakhosi amapoperapo mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo ntchitoyo imatenga mphindi zochepa. Phindu lake lalikulu n'lakuti dokotala amadula tinyama ting'onoting'ono pamalo okayikitsa n'kutitumiza ku labotale, pakuti khansa imatsimikizika ndi maikulosikopu. Mantha akuti kudula kanyamako kumafalitsa matenda alibe maziko. Kuyeza kumeneku kumachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe ndi University Teaching Hospital ku Lusaka, komanso m'zipatala zina zamishoni ndi zolipiritsa, ndipo wochokera ku chipatala chaching'ono amafunika kalata yomutumiza. Musanachoke, funsani tsiku ndi malo amene zotsatira za labotale zidzapezeke, ndipo mulembe nambala imene tinyama tanuto tapatsidwa.

Kumene endoscopy ili kutali, kujambula mmero ndi X-ray munthu akumeza madzi oyera a barium kumathandiza. Khansa imaoneka ngati malo opapatiza a m'mbali mokumbikakumbika, pamene achalasia imaonetsa mmero wotukuka umene kumunsi kwake kwasongoka ngati mlomo wa mbalame. Chithunzichi sichingalowe m'malo mwa kuyeza kanyama, ndipo kwa munthu amene amatsokomola akamwa, ojambula ayenera kuuzidwa zimenezi asanamupatse barium. Khansa ikatsimikizika, CT scan, makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane, imasonyeza pamene yafika, ndipo zimenezi ndi zimene zimaloza ngati opaleshoni, mankhwala a khansa kapena kuwotcha ndi cheza zingathandize. Pamene matenda apita patali, kachubu kachitsulo kotanuka kotchedwa stent kamaikidwa pamalo otsekekawo kuti munthu azithanso kumeza. Zipsera za asidi kapena soda zimatanulidwa pa endoscopy pomwepo, nthawi zina kangapo, ndipo achalasia imathandizidwa potanula kapena kudula mnofu wa kumunsi uja.

Pali zizindikiro zimene siziyembekezera tsiku la kalata. Munthu amene akulephera kumeza malovu ake omwe, amene akubanika popuma, amene akusanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, ndi amene watha tsiku osatha kumwa madzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Nyama kapena fupa zikakakamira osatsika, kuzikankha ndi mbamu ya nsima kapena nthochi kukhoza kung'amba mmero.

Podikira tsiku loyezedwa, thupi lisaloledwe kutha, chifukwa munthu wofooka kwambiri sapirira opaleshoni kapena mankhwala a khansa. Phala likhale lothira nsinjiro, soya, mkaka, mazira kapena mafuta pang'ono, lidyedwe pang'onopang'ono kangapo pa tsiku litazizirako, wodwala atakhala tsonga ndipo asagone kwa theka la ola akatha kudya. Wa sitiroko amene amatsamwa ndi madzi amachita bwino ndi zakumwa zolimbirapo, ndipo m'kamwa mwake muzitsukidwa tsiku ndi tsiku kuti tizilombo tisatsikire m'mapapo.

Zotsatira zikatuluka zabwino koma vuto likupitirira

Izi zimachitika, ndipo sizitanthauza kuti wodwala akudzinamiza. Ngati dokotala anaona chotupa koma labotale yati palibe khansa, n'kutheka kuti kanyamako kanadulidwa pamwamba pokha kapena pamalo ofa, ndipo kuyezako kuyenera kubwerezedwa. Ngati mmero unaoneka bwino koma tinyama sitinadulidwe, eosinophilic oesophagitis ikhoza kukhala itaphonyedwa, pakuti nthawi zina imaoneka ndi maikulosikopu okha. Achalasia yongoyamba kumene imathanso kusaoneka pa kamera, ndipo imafuna chithunzi cha barium kapena kuyeza kwa mphamvu ya minofu ya mmero kotchedwa manometry, kumene kumapezeka m'zipatala zochepa. Ngati zonse za mu mmero zili bwino, kufufuza kubwerere kumtunda, ku kholingo, ku mitsempha ndi ku mankhwala amene wodwala akumwa. Munthu amene anauzidwa chaka chatha kuti alibe vuto, koma tsopano wayambanso kusiya zakudya zina kapena sikelo ikutsika, ayenera kuunikidwanso mwatsopano, chifukwa zotsatira zakale zimanena za mmero wa nthawi imeneyo.